Yankho la amalume pa nkhani ya 3 x 10

Eya mphwanga, ndi malume ako. Ndakaona kapepala kaja wajambula n'kuponya m'gulumu, kamene akupatsa ku jimu, ukuti sukumva kuti 3 x 10 ndi chiyani, komanso mayina a masewerawo. Ndili mu takisi kuchokera ku Randburg, ndiye phokosoli upirire.

Tiyambe ndi rep. Rep ndi ulendo umodzi: watsika, wadzuka, imeneyo ndi imodzi. Ukachita ma rep 10 osaima, yakwana seti. Ndiye 3 x 10 ndi maseti atatu, iliyonse ma rep 10. Pakati pa maseti umapuma mphindi imodzi kapena ziwiri, ndiyo rest alemba pambaliyo. Usamaidule ayi. Pajatu Joni ali pamtunda, mamita pafupifupi 1,750, ndiye iwe wakunyanja ku Nkhotakota, wefuwefu wa masabata oyambawa asakuopse.

Squat ndi kunjuta basi, mmene timanjutira pamoto pootcha chimanga, kungoti zidendene zisachoke pansi. Imalimbitsa ntchafu ndi m'chiuno. Bench press umagona chagada pabenchi n'kumakankha chitsulo kuchoka pachifuwa. Pamenepo pamafunika spotter, mnzako woima kumutu kwako kuti chikakukanika achigwire. Usachite wekha chitsulo chikakhala cholemera, chonde. Tizitsulo ta dzanja limodzi tija ndi ma dumbbell. Ndodo yaitali ija ndi barbell, ndipo yaikuluyo payokha, usanaikeko puleti (chitsulo chozungulira choika kumapeto kwa ndodo) ngakhale imodzi, imalemera makilo 20. Ambiri amaiwala kuiwerengera.

Tsono deadlift, apa mvetsera bwino. Ndi kunyamula chitsulo kuchokera pansi mpaka waima chilili, ngati mmene umadzutsira thumba la chimanga. Ndodo ikhale pafupi ndi misongolo, pafupifupi kukhudza. Chiuno chibwerere kumbuyo, msana uwongoke ngati thabwa, ukoke mpweya, ulimbitse mimba, kenako ukankhe pansi ndi mapazi. Miyendo ndi chiuno ndizo zimanyamula, manja amangogwira. Ine chaka changa choyamba kuno ndinaona anyamata akusanja mapuleti, nane ndinasanja, ndinakoka msana uli chopindika. Ndinamva kuti thwa m'munsimu. Sabata yathunthu ndinagona osapita ku ganyu, nsapato kumachita kundiveka mnzanga wa m'chipinda, lendi ikudikira. Sindikufuna zimenezo zikuonekere.

Mawu ena uwamva ndi progressive overload. Akutanthauza kuwonjezera pang'onopang'ono: ma rep 10 aja akayamba kupepuka, ikako kapuleti kakang'ono, kapena onjezera rep imodzi kapena ziwiri. Failure ndi pamene minofu yakana, rep ina siikutheka. Woyamba kumene safunika kufika pamenepo, uzisiya udakali ndi mphamvu ya ma rep awiri.

Warm-up usaidumphe, makamaka kuzizira kwa mu June kuno: mphindi zisanu kapena khumi thupi litenthe, kenako seti yopepuka. Minofu idzaphwanya tsiku lachiwiri kapena lachitatu, zimenezo n'zachizolowezi ndipo zimatha zokha. Koma ululu wobaya pabondo kapena pamsana, siya pomwepo. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati wamkulu azilimbitsa minofu masiku osachepera awiri pa sabata, ndiye yamba ndi awiri kapena atatu, kudumphitsa tsiku pakati.

Loweruka ndibwera ku Rosettenville m'mawa. Tikayamba ndi ndodo yopanda mapuleti, ndione msana wakowo mmene ukuimira. Ndatsika, tikambanso madzulo.