Kodi khungu la selo limagwirana ndi chani?

Mwana wasukulu wina wandilembera imelo kuti, "Achimwene, aphunzitsi akuti khungu la selo ndi mafuta, nanga poti mkati ndi kunja kwa selo ndi madzi okhaokha, mafutawo samwazika bwanji? Pali guluu kapena?"

Guluu palibe olo pang'ono mng'ono wanga, amene akugwira ntchito yaguluuyo ndi madzi omwewo. Timamolekyu ta khunguli timatchedwa ma phospholipid, kalikonse kali ndi mutu umodzi ndi michira iwiri yolumikizidwa pa glycerol. Kumutuko kuli phosphate ndipo mutuwo umagwirizana ndi madzi, koma michira ija ndi ma fatty acid, timaunyolo tamafuta, madzi sifuna nkuwaona komwe. Ndiye ukatithira tambirimbiri mmadzi timadzisanja tokha mizere iwiri, mitu ina kuloza kunja kwa selo ina kuloza mkati, michira yonse nkubisala pakati pomwe madzi safika, moti pakangobooka kabowo kakang'ono timathamangira kukatseka tokha coz mchira uliwonse ukuthawa madzi. Kukhuthala kwa khungu lonselo ndi ma nanomita pafupifupi 5 basi (milimita imodzi ili ndi ma nanomita 1 miliyoni).

Zoti mizere ndi iwiri anazitulukira Gorter ndi Grendel a ku Netherlands mu 1925. Anachotsa mafuta mma selo ofiira amagazi nkuwayala pamwamba pa madzi, malo omwe anadzaza anali owirikiza kawiri kukula kwa makungu a maselowo. Masamu awo anali ndi zolakwika ndithu koma mfundoyo inali yoona.

Pomwe ambiri amasokonezeka mpakuti amaganiza kuti ndi khoma louma. Ayi, timamolekyuti timangoyendayenda chammbali osapuma, mapuloteni nkumayandama momwemo, zimenezi ndi zomwe Singer ndi Nicolson anazitcha fluid mosaic model mu 1972 (iloweze imeneyi, pamayeso siphonya). Michira ina ndiyowongoka ina ndiyopindika pakati, yopindikayo imaletsa kuti tithinane kwambiri ndiye khungu limakhala lofewa ngakhale kuzizire. Kolesterol, amene anthu amangomunena zoipa zokhazokha, amalowerera pakatipo kuti lisafewe mopyola komanso lisaume gwa.

Pakati pamafutapo mpomwe pamasankha cholowa. Okosijeni amangodutsa fyuu, koma sodium ndi glucose sangadutse okha, mpaka puloteni iwatsegulire njira.

Ukufuna uone kuti guluu palibedi? Sopo nayenso ali ndi mutu wokonda madzi ndi mchira wokonda mafuta, ndiye amalowerera pakati pa ma phospholipid nkuwamwaza. Mavairasi amene amakutidwa ndi khungu lamafutali, ngati wa Covid uja, amaphwasuka chonchi ukamasamba mmanja.