Anzanga akundiboola makutu kuchigayo

Funso: Aphungu, ndakhala zaka zitatu ndikugwira ntchito pachigayo china chopuntha mpunga ku Nkhotakota. Makina amasokosa kale, koma anzanga awiri amapachika sipika pamsomali pafupi ndi sikelo n'kuikweza mpaka kumapeto, kwinaku akukuwirana nkhani za mpira. Ndikaweruka, m'makutu mumalira ngati mwalowa nyenje mpaka usiku. Nditawadandaulira anati ndikudzimva ukulu. Ndichite chiyani kuti ndisaoneke kazitape wa abwana?
Bambo wa ana awiri, Nkhotakota

Yankho: Bambo, nyenje mukuimvayo ndiyo yandidetsa nkhawa kuposa mwano wa anzanuwo, chifukwa kulira kwa m'makutu munthu akachoka paphokoso ndi chizindikiro chakuti timaselo ta mkati mwa khutu tayamba kuvulala, ndipo tikafa sitimeranso. Akatswiri amati phokoso lofika madesibelo 85 (muyezo wa kukula kwa phokoso) ndi loopsa munthu akakhalamo maola 8 tsiku lililonse. Simusowa chida choyezera: ngati muyenera kufuula kuti akumveni munthu amene waima pafupi moti mungamugwire ndi dzanja, mwafika kale pamlingo umenewo.

Ndikukayika ngati anzanuwo akuchita dala. Munthu amene makutu ayamba kumugontha amalankhula mokweza ndiponso amakweza wailesi osadziwa, kotero n'kutheka kuti iwo avulala kuposa inu. Pachifukwa chimenechi musawadzudzule pagulu makina akulira, pamene aliyense ali wotopa ndipo gaga wadzaza m'mphuno. Mutengereni mmodzi pambali panthawi ya nkhomaliro, mumuuze kuti, "Achimwene, ine m'makutu mukumalira usiku, kaya inu?" Mungadabwe kumva akuvomera kuti nawonso ndi chimodzimodzi. Mukatero pemphani kuti sipika izilira pamene makina azimitsidwa, monga magetsi akathima, zomwe kwathu kuno sizichedwa kuchitika.

Akakana, kauzeni kapitawo, ndipo umenewo si ukazitape, pakuti lamba wa makina akaduka kapena malaya a wina akakodwa, mfuwu wake sungamveke nyimbo zili pakalapakala. Musatchule mayina, nenani za ngoziyo, ndipo pemphani zotseka m'makutu za onse. Lamulo la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito limapereka kwa olemba ntchito udindo woteteza antchito awo, ndipo akanyalanyaza mungathe kukadandaula ku ofesi ya leba ya m'boma lanu.

Musadzinamize ndi thonje, chifukwa silitchinga phokoso mokwanira, ndipo kuvala mahedifoni n'kumamvera nyimbo zanuzanu kumangowonjezera vuto. Pitani kuchipatala cha boma mwezi uno mukafotokoze za kulirako, ndipo muwapemphe akutumizeni ku Lilongwe kumene kuli zipangizo zoyezera mmene makutu akumvera.