Asidi wa batire sangasandutse botolo kukhala sefa

Bambo wina wa ku Katete wandilembera imelo. Anamva kuti asidi amaboola timabowo m'galasi, ndiye akufuna kuviika mabotolo osweka mu asidi wa batire kuti apange chosefera madzi a pachitsime. Bambo, kalata yanuyi yandisowetsa tulo.

Ndili mnyamata ndinkathandiza amalume kutchaja mabatire a galimoto kuseri kwa msika wa Kapata kuno ku Chipata. Asidi tinkamusunga m'botolo lagalasi, ndipo chaka chinatha botololo lili mbee ngati latsopano. Tsiku lina linanditerereka m'manja, madontho n'kugwera pa kabudula wanga wa sukulu. Sindinauze munthu poopa kukalipiridwa. Amayi pochapa m'mawa mwake, nsaluyo inangoyoyoka m'manja mwawo. Anandiyang'ana osayankhula, kenaka anandigwira mwendo n'kuona chilonda pantchafu. Chipsera chake ndili nacho mpaka lero.

Zimene munamvazo n'zoona, koma galasi lake ndi lina. Kampani ya Corning ku America inapeza njirayi m'zaka za m'ma 1930, galasilo n'kulitcha Vycor. Amasungunula silika, yemwe ndi mchenga woyera, pamodzi ndi mankhwala ena awiri, a boron ndi a sodium. Likauma amalitenthetsanso kwa maola ambiri pa madigiri Celsius 500 mpaka 600, ndipo m'kati mwake mumapatukana zigawo ziwiri zolukanalukana. Asidi wotentha amangotsuka chigawo cha boron ndi sodium, silika n'kutsala chilili, monga chinkhupule chimatsalira ulusi wokhawokha mnofu ukachoka. Kabowo kamodzi n'ka ma nanometre 4, muyeso wa tinthu tosaoneka ndi maso. Kuti mufike pa kunenepa kwa tsitsi limodzi mungandandalike timabowo toposa 10,000. Botolo la Fanta lilibe zigawo zoterozo, zonse zinasakanikirana, choncho asidi wa batire alibe choti achotsemo.

Alipo asidi amene amadya galasi lenilenilo, hydrofluoric acid. Ameneyo musamufunefune n'komwe. Amalowa pakhungu mwakachetechete, ululu n'kubwera mochedwa, ndipo amalanda calcium m'magazi mpaka mtima kuima.

Ndipo apa mtima wanga umawawa. N'chifukwa chiyani timathira asidi, palafini ndi mankhwala a thonje m'mabotolo a zakumwa n'kuwasiya pansi pa bedi? Mwana wazaka zitatu sadziwa kusiyanitsa, amangoona botolo limene amamwera pa Khirisimasi. Amalume ankandikonda kwambiri, koma pamenepa analakwitsa, ndipo aliyense wochita zimenezi lero akulakwitsa. Khalidweli tilileke basi.

Nanga madzi aja?

Awiritseni mpaka abwate, kapena thiranimo klorini motsata muyeso wolembedwa pabotolo. Ngati mtima uli pa sefa, funsani za sefa zadothi: woumba amasakaniza dongo ndi utuchi, moto n'kupsereza utuchiwo, timabowo n'kutsala. Mabotolo oswekawo akwirireni kutali ndi pamene ana amasewera.