Sikelo isakupusitseni, achimwene

Bambo wina wa ku Ntcheu wandilembera pa imelo kuti wakhala akuthamanga ndi kupanga ma sit-up kwa miyezi iwiri, koma sikelo sikusuntha ndipo mimba ili pomwepo. Akufuna kudziwa ngati ayambe zonyamula zitsulo kapena angozisiya.

Funsoli landigunda pamtima chifukwa nanenso ndinali ndi mimba imene anzanga kuntchito ankaitcha ya mabwana. Kuno ku Dedza tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndiye kudzuka m'bandakucha mu Juni kukathamanga m'mphepete mwa msewu wa M1, chifunga chili tolo, pamafunika mtima. Gulu lathu linkathamanga ndithu, mpweya unayamba kukwanira, zitunda zinasiya kutiopsa. Thupi langa linayamba kusintha maonekedwe nditapeza anyamata ena kuseri kwa shopu ya wowotcherera, akunyamula simenti youmira m'zitini za penti zolumikiza ndi paipi. Benchi yake inali thabwa pa njerwa, pansi fumbi lokhalokha.

Kuthamanga kumalimbitsa mtima ndi mapapo, koma minofu sikuimanga kwenikweni. Zitsulo ndiye zimamanga. Masabata oyambirira mphamvu zimakwera msanga chifukwa ubongo ukuphunzira kulamula minofu, kukula kwake kumabwera pambuyo. Komanso mnofu ndi wolemera kuposa mafuta a kukula komweko, choncho lamba akhoza kuyamba kukhwepa sikelo ili chiimire. Ma sit-up amalimbitsa minofu ya pamimba, koma mafuta ophimba pamwambawo thupi limawachotsa mmene lafunira, simungalilozere malo.

Ndipo pamenepa ndipsepo mtima pang'ono. Matiyi ochepetsa mimba amene akutsatsidwa pa WhatsApp, ambiri ntchito yawo ndi kutsegula m'mimba ndi kukodzetsa basi. Munthu wataya madzi, akuti ndaonda! Taonani amayi otsika ndi mtolo wa nkhuni m'phiri la Dedza, kapena anyamata a kabaza okwera chitunda ndi matumba a kachewere. Anamwa tiyi wanji? Ife timathamanga theka la ola, pobwerera n'kuima pa chiwaya, tchipisi tonona mafuta ndi botolo la zozizira, zimene tawotcha zonse n'kubwerera m'thupi.

Ndiye muchite chiyani?

Musasiye kuthamanga, ingoonjezerani. Malangizo a 2020 a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu azichita mphindi 150 mpaka 300 pa sabata zolimbitsa thupi zapakatikati, monga kuyenda ndawala, ndi masiku awiri kapena kuposerapo olimbitsa minofu. Yambani ndi ma push-up, kunyonyomala n'kudzuka, ndi kunyamula chigubu cha malita 20 chosadzaza. Nsima chepetsani pang'ono, nyemba, mazira, usipa ndi soya zichuluke. Bwerekani tepi kwa telala muziyeza mimba cha pamchombo kamodzi pa mwezi, isafike theka la kutalika kwanu. Ngati muli ndi BP kapena shuga, yambani mwaonana ndi adokotala.