Kodi kavalo wamatabwa uja ali pati mu Iliad?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene anagula Iliad ya Homer pamulu wa mabuku akale pamsika. Akuti anayamba bwinobwino, koma atalowa gawo lachiwiri anakumana ndi mndandanda wa zombo ndi mafumu wosatha, mpaka tulo tinawaba. Mafunso awo ndi awiri: kavalo wamatabwa amene anamva kusukulu afika liti, ndipo apitirize kapena alisiye?

Mayi, kavaloyo mulibe. Ngakhale muvi umene unalasa Achilles, ngwazi ya Agiriki, pachidendene mulibe. Za kavalo zimatchulidwa pang'ono mu Odyssey, ndakatulo ina ya Homer, ndipo amene anazifotokoza mwatsatanetsatane ndi Virgil wa ku Rome. Nkhondo ya ku Troy akuti inatenga zaka 10, koma ndakatulo iyi, ya mizere yoposa 15,000 m'magawo 24, yangodulapo masabata ochepa a chaka chomaliza. Liwu lake loyamba m'Chigiriki ndi "menin", kutanthauza mkwiyo, ndipo nkhani yonse yatsamira pamenepo.

Agamemnon, mkulu wa asilikali achigiriki, akukakamizika kubweza mtsikana amene anagwira kunkhondo, chifukwa mulungu Apollo wawagwetsera mliri. Pofuna kudzipepesa, akulanda Briseis, mkazi amene anapatsidwa kwa Achilles. Achilles akunyanyala, n'kukhala pansi anzake akuphedwa. Akudzanyamukanso pokhapokha Hector, ngwazi ya ku Troy, atamuphera mnzake wapamtima Patroclus m'gawo 16.

Za zombo zija, dumphani, palibe adzakuzengeni mlandu. Komabe ganizirani mmene timawerengera chipepeso pamaliro: mlendo amayasamula, koma yense wa m'deramo amatchera khutu kuti amve ngati mudzi wake watchulidwa. Agiriki omvera ndakatuloyi ankamva mayina a kwawo. Inali yoimba pagulu, osati yowerenga chamumtima. N'chifukwa chake muona mawu akubwerezedwa, Achilles nthawi zonse n'kukhala waliwiro ngakhale atakhala chete m'msasa. Milman Parry, katswiri wa ku America wa ndakatulo za Homer, anapita ku Yugoslavia m'zaka za m'ma 1930 n'kukajambula oimba, ambiri osadziwa kulemba, amene ankapeka nyimbo zazitali pogwiritsa ntchito timawu tokonzeratu totero. Yesani kuwerenga mokweza, mumva kusiyana.

Sindikunamizani kuti zonse n'zokoma. Magawo a pakati, kuyambira 11 mpaka 15, amanditopetsa nanenso: mkondo apa, mkondo apo. Milungu yake ndi yamiseche ngati akazi a mitala, ndipo akazi enieniwo amagawidwa ngati mbuzi. Koma onani chimene Homer amachita ndi anthu wamba ofera m'nkhondo. M'gawo 4 muli mnyamata Simoeisios amene akungotulukira kuti aphedwe ndi Ajax, koma asanagwe tauzidwa kuti mayi ake anamuberekera m'mbali mwa mtsinje atatsika m'phiri la Ida kukaona nkhosa, ndiponso kuti sanathe kubweza ukoma kwa makolo ake. Mizere yochepa chabe, koma mtembowo wasanduka mwana wa munthu.

Mukafika gawo 6, chepetsani liwiro. Hector akutsanzikana ndi mkazi wake Andromache pachipata cha mzinda. Akutambasula manja kuti anyamule mwana wawo, khandalo n'kulira poopa chisoti chamkuwa chokhala ndi ubweya wa kavalo pamwamba. Makolo onse awiri akuseka, bamboyo n'kuvula chisoticho. Mgiriki analemba zimenezi za mdani wa Agiriki.

Koma chimene ndikukupemphani kuti mupirire nacho ndi gawo 24. Achilles wapha Hector, wamanga mtembo kumbuyo kwa galeta n'kumaukoka m'fumbi, ndipo wakana kuupereka. Ife amene timatha kulipira ndalama zambiri kuti thupi la m'bale libwere kuchokera ku Johannesburg lidzagone kumudzi, sitifunika kutifotokozera kulemera kwa nkhanza imeneyi. Priam, nkhalamba, mfumu ya Troy komanso bambo ake a Hector, akulowa usiku m'msasa wa adani, akugwira mawondo a Achilles, n'kupsompsona manja amene anamuphera ana. Akumuuza kuti akumbukire bambo ake omubala. Onse awiri akulira, wina mwana wake, wina bambo ake ndi Patroclus. Kenako akudya limodzi. Achilles akulola kuimitsa nkhondo masiku 11 kuti maliro achitike, ndipo ndakatuloyo ikuthera pamanda a Hector, mzinda usanagwe.

Simunanene kuti buku lanulo anamasulira ndani. Ngati mukuona mayina a Jove ndi Ulysses m'malo mwa Zeus ndi Odysseus, ndi lachikale, ngati la Samuel Butler la 1898. La E. V. Rieu la 1950 ndi losavuta, lolembedwa ngati nkhani wamba. La Robert Fagles la 1990 ndi la Emily Wilson la 2023 ndi andakatulo, ndipo amakoma powerenga mokweza. Nthawi ikakuchepelani, werengani magawo 1, 6, 9, 16, 18, 22 ndi 24, kenako mundilemberenso mundiuze ngati kavalo uja mukumufunabe.