Geni yapulasitiki ya kunja ndi nkhani ya majumbo opyapyala

Achemwali, mwafunsa mmene geni yooda ziwiya zapulasitiki kunja imayendera, komanso ngati n'zoona kuti phindu lenileni lili pa majumbo opyapyala omwe boma linaletsa.

Funso loyambalo silivuta. Ambirife timaoda ku Kariakoo, ku Dar es Salaam: mabeseni, ndowa, makapu, mbale, timabokosi tosungiramo chakudya. Mumafunika pasipoti, khadi lachikasu la katemera ndi malisiti a chilichonse chomwe mwagula. Katundu wotere ndi wopepuka koma amadya malo, ndiye mabeseni timawalowetsana, makapu n'kuwaponya mkati mwa ndowa, chifukwa a galimoto amatchaja poona kukula kwa mtolo. Mukafika pa boda ya Songwe mumalembetsa katunduyo kwa a MRA n'kulipira msonkho. Chimene chingakuphereni mpamba masiku ano ndi ndalama zakunja. Musanatchule mtengo wogulitsira, yambani mwawerenga kuti shilingi ya ku Tanzania mwaigula bwanji.

Tsono za majumbo. Ku Tanzania muiwaleko, iwo analetsa majumbo onyamulira katundu, opyapyala ndi okhuthala omwe, kuyambira pa 1 June 2019. Mukagula chinthu kumeneko amakuikirani m'kathumba konga kansalu. Omwe amachita geni ya majumbo opyapyala amayang'ana ku Mozambique ndi ku Zambia, ndipo chifukwa chake ndi malamulo osiyana. Kwathu kuno lamulo la 2015 limaletsa pulasitiki yopyapyala kuposa ma micron 60 (micron ndi muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki). Ku Mozambique ndi ku Zambia muyeso wake ndi ma micron 30. Ndiye jumbo lomwe likugulitsidwa poyera ku Milange kapena ku Chipata likangodutsa pa Muloza kapena pa Mchinji lasanduka mlandu. Amalowetsa usiku panjinga, kudzera m'tinjira ta m'minda, ena amabisa pansi pa matumba a katundu wina.

Phindu lilipo, ndisakunamizeni. Wachiwaya amafuna kajumbo kokulungira tchipisi, mayi wa tomato naye akufuna, wa mafuta oyezera, wa thobwa, onsewo. Koma ine sindinyamula, ndipo inunso musayambe. Mtolo umodzi akaupeza, simuluza mtolo wokhawo. Katundu yense amamutsitsa, galimoto imakusiyani, ndipo pena pamapezeka munthu wa yunifolomu wofuna ya fanta yoposa phindu lomwe mumaliyembekezera.

Chimene chimandiwawa n'chakuti lamulo lomweli silinaluma anthu mofanana. Litangotuluka, makampani opanga mapulasitiki anathamangira kukhoti kukatenga chiletso choimitsa lamulolo, mafakitale n'kumapitiriza kugwira ntchito. Bwalo lalikulu la apilo linagamula mu July 2019 kuti lamulolo lili bwino. Mu 2021 kunabwera chiletso china choimitsa lamulolo, mu 2024 chinanso, mpaka kumayambiriro kwa 2025 pomwe khoti linatsegulanso njira kuti a MEPA, bungwe la boma loteteza zachilengedwe, agwire ntchito yawo. Zaka pafupifupi 10 mwini fakitale akudzigulira nthawi ndi maloya. Nanga mayi wa mpamba wa bokosi limodzi loya amutenga kuti? Iyeyo amangolandidwa, n'kubwerera kunyumba chimanjamanja, ngongole ya banki m'khonde ikumudikira. Andale nawo amayankhula mokweza pa tsiku lokumbukira zachilengedwe, koma chisankho chikayandikira palibe amene amafuna kudana ndi mavenda kapena eni mafakitale.

Omenyera nkhani zachilengedwe sindiwanyoza. Gloria Majiga-Kamoto, amene analandira mphoto ya Goldman ya omenyera zachilengedwe mu 2021, nkhaniyi anaiyamba ataona mbuzi za alimi zikufa chifukwa chodya majumbo. Zimenezo si nthano za azungu. Imani pomwe akusenda mbuzi pamsika, muone akang'amba chifu: mumatuluka chimpira chakuda chopotana, majumbo okhaokha, mbuziyo ili yowonda ngakhale inkadya tsiku lililonse. Kapena suzumirani mu mtsinje wa Mudi ku Blantyre mvula yoyamba ikagwa. Akunena zoona anthuwa, ndipo akanapanda kuchita zionetsero ndi kulondola milandu ija, bwenzi nkhaniyi itafera m'mafayilo a kukhoti.

Pomwe ndimasiyana nawo ndi apa. Misonkhano yambiri imachitikira m'mahotela, m'Chingerezi, ife timangomva pa wailesi kuti kuyambira tsiku lakuti jumbo ndi mlandu. Ndani anabwera kudzatifotokozera kuti micron n'chiyani? Palibe wageni amene amayenda ndi chipangizo choyezera. Timangotikita ndi zala, likamalira kwambiri ndi kuonekera mkati tikayang'anitsa padzuwa, timadziwa kuti limeneli n'loletsedwa. Komanso wogula tomato wa ndalama zochepa sangagule thumba lokwera mtengo kuposa tomatoyo. Mukamuchotsera jumbo osamupatsa china chotchipa, wozembetsa uja ndiye mwamupatsa msika. Agogo athu ankapita kumsika ndi dengu ndi botolo lawo la mafuta, koma kubwezera anthu kumeneko pamafunika kuyankhula nawo pamsika pomwepo.

Ngati mukufunadi geni ya zonyamulira, odani timatumba tonga tansalu tija ku Kariakoo, kapena zikwama zoluka zomwe munthu angagwiritse ntchito chaka chonse. Zimayenda pang'onopang'ono poyamba, koma a MEPA akangoyamba kuyendera mashopu, eni magolosale amazifuna msanga. Majumbo okhuthala ovomerezeka musavutike kukawatenga kunja, amapangidwa konkuno, ndipo mukaphatikiza thiransipoti ndi msonkho anu adzadula. Ulendo woyamba pitani ndi munthu wozolowera njirayo, ndipo mpamba musautsanulire wonse pa katundu. Siyani ndalama ina ya msonkho, ya onyamula pa boda ndi ya malo ogona, chifukwa galimoto ikafika chipata atatseka mumagona pomwepo.