Pakani red oxide tsiku lomwelo

Achimwene, pa funso lanu la primer, penti yoyamba yopaka pa chitsulo mukachotsa dzimbiri, gulani red oxide, kapena zinc phosphate ngati thumba likulola. Chachikulu n'choti mupake tsiku lomwelo mwachotsa dzimbirilo, chitsulo chitauma bwino. Kuno ku Mulanje chinyezi sichichedwa. Ine ndinapala mabagalabazi anga Loweruka, usiku kunagwa chiperoni, pofika Lolemba anali atayambanso kufiira m'makona mowotcherera muja. Ndinayambiranso ntchito yonse.

Pukutani kaye chitsulocho ndi thina (mankhwala osungunulira penti) kuti mafuta achoke, mupake kawiri mopyapyala, kenako penti ya mafuta pamwamba, chifukwa primer payokha siikhalitsa pamvula. Koma pa malata a galvanised (okutidwa ndi zinc) ayi, red oxide imamatuka. Pamenepo pamafunika etch primer, yomwe imagwira bwino pa malata otere.

Ngati dzimbiri laboola chitsulo chonyamula denga kapena chasisi ya galimoto, penti siithandiza. Itanani wowotcherera aone kaye.